Reji ya a Antonio

Pakhomo pa a Antonio, ku Zingalume, panalibe chuma choti munthu n'kuchitira nsanje, koma panali ulemu. M'mawa uliwonse, makasu asanatuluke m'nyumba, ankayamba apemphera, ndipo mayi wa pakhomopo, a Enelesi, ankati mwana wodzuka osathokoza Mulungu sasiyana ndi nkhuku. Mwana wawo woyamba, Agostino, anali mnyamata wa mawu okoma m'kwaya ya mpingo, wodziwanso kupalasa njinga atamangirira matumba awiri kumbuyo. Makolo ena ankamutchula dzina pokalipira ana awo aulesi. Ndikuganiza kuti kuyamikidwa kumeneko n'kumene kunayamba kumufewetsa mutu.

A Antonio anafika kuno ali pamsana pa amayi awo, pothawa nkhondo ku Mozambique. Anakulira kuno, kukwatira kuno, kukalambira kuno, komabe kwa zaka zambiri akakweza dzanja pamsonkhano sipankalephera wina wonong'ona kuti mlendo asalowerere za eni mudzi. Reji yawo, chitupa chija chosonyeza kuti munthu ndi nzika, anaipeza movutikira, nkhalamba ziwiri zitawachitira umboni kuti agogo awo anabadwira mbali ino ya malire. Ankaisunga m'kapepala ka pulasitiki mkati mwa buku la nyimbo, ndipo ngakhale a Enelesi sankayerekeza kuigwira.

Chaka chimenecho khansala wa wadi yawo anamwalira anthu ali mkati mokolola, ndipo kunalengezedwa kuti kukhala masankho apadera. Anthu a midzi yozungulira anali atatopa ndi mtsinje wa Kamwala, umene dzinja lililonse unkatsekereza ngolo ndi odwala tsidya lino poti panalibe mlatho. Anagwirizana zoimika mayi Petronella, mayi wamasiye wotsogolera chigwirizano cha amayi, amene anamaliza sukulu ndipo sankaopa kuyankhula. Chipani analibe, ndalama analibe. Choncho anthu anachita zimene amadziwa: monga amachitira pa Sabata la zothokoza, khomo lililonse linalonjeza chitini cha nsawa, kuti zikagulitsidwa zilipire kulembetsa dzina ndi minibasi yopita ku boma.

Lamulo linkafunanso kuti pa tsiku lolembetsa mayiyo aime ndi anthu omuikira kumbuyo, aliyense reji ndi khadi yovotera kumanja, ndipo akaperewera mmodzi yekha dzina silinalembedwe. Pakati pa osankhidwawo panatchulidwa a Antonio. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuyenda ngati mnyamata, n'kuyamba kupukuta nsapato zimene zinali zoti adzavale mwezi wamawa. Munthu amene ankatchedwa mlendo tsopano anali kukaimira mudzi. Ntchito yotolera nsawa khomo ndi khomo inapatsidwa kwa Agostino, chifukwa ndani akanakayikira mwana wa m'kwaya?

Wopikisana ndi mayi Petronella anali mkulu wina wogula thonje wa ku boma, ndipo wothamangathamanga wake anali Micheal, amene anaphunzira limodzi ndi Agostino ku pulaimale. Micheal anamupeza pachigayo, thukuta lili kamukamu, ndipo anamumvera chisoni mokweza kuti aliyense amve.

"Amwene, mukuvutikiranji ndi nsawa za akazi amasiye? Simunamve pa wailesi kuti masankho awa alipira ndi boma? Ndalama zatuluka kale. Nsawa izi akuluakulu anu akungofuna kugawana."

Zoona, Agostino anali atamva pa wailesi kuti masankho apadera amadyera boma ndalama zambiri. Atafunsa atate ake, iwo anamufotokozera modekha kuti boma limalipira mabokosi, mapepala ovotera ndi apolisi, koma woima amadzilipirira yekha. Anabwerera kwa Micheal ndi yankho limenelo. Micheal anaseka mpaka kugwira mpanda, nati inde amadzilipirira, koma amabwezeredwa kawiri. Tsiku lotsatira anati sabwezeredwa, koma nsawazo n'zoletsedwa ndi lamulo, ndipo wozinyamula akhoza kumangidwa. Agostino atafunsa kuti kodi iye Micheal ali mbali iti kwenikweni, anamunong'oneza kuti mumtima ali kwa mayi Petronella, kwa wogula thonje amangodyako. Mutu wa Agostino unazungulira. Kuti usiye kuzungulira, Micheal anamupatsa kabotolo ka kachasu, ndipo kwa kanthawi zinthu zonse zinaoneka zomveka.

Kabotolo kachiwiri sikanali kaulere. Mayi wotcheza kachasu ankalandira nsawa m'malo mwa ndalama, ndipo Agostino anadziuza kuti mbale imodzi pathumba lonse palibe angaione. Mbale inasanduka ndowa. Akamatapa ankabwereza mawu a Micheal kuti boma lilipira, ngakhale kuti sankadziwanso ngati akuwakhulupirira.

A Enelesi anamva fungo asanamve mbiri. Anamudikirira kuseri kwa nkhokwe kuti atate ake asamve.

"Agostino, mwananga, ine sindinapite kusukulu, za masankho sindizidziwa. Koma munthu wokuuza zinthu zitatu zosiyana pa nkhani imodzi sakufuna kuti umvetse, akufuna kuti usochere. Nsawa izo wapereka ndi mayi amene ana ake agona ndi njala. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Agostino anayankha kuti amayi ndale sazitsata, ndipo anachoka akuimba mluzu. Mumtima anachita manyazi, koma manyazi amene sabweza munthu panjira ndi achabe.

Nsawa zitagulitsidwa, ndalama zinatuluka zochepa kuposa mmene akuluakulu ankayembekezera. Anadandaula za sikelo ya ogula, anadandaula za chiswe, koma mwana wa m'kwaya sanamuganizire. Zinakwanira kulembetsa dzina ndi mipando ya anthu ofunikawo basi. Anthu awiri apadera amene anakonza kuti apite nawo, kuti wina akadwala alowe m'malo, anatsala. Kunamvekanso kuti zitupa zonse ziyenera kuchitidwa fotokope, ndipo pasitolo yake pamakhala mzere. Akuluakulu anagamula kuti Agostino atsogole m'mamawa pa njinga ndi zitupa zonse m'chikwama chimodzi, minibasi ikamafika apeze zonse zatha.

A Antonio anatsegula buku la nyimbo pang'onopang'ono. Anaigwira reji ija kanthawi asanaipereke.

"Ili si pepala, mwananga. Ili ndi dzina langa m'dziko lino. Lisachoke m'manja mwako."

Ku boma magetsi anali atathima, ndipo makina a fotokope anali du. Agostino anaima pakhonde osadziwa kolowera. Posakhalitsa Micheal anatulukira pa njinga yamoto, ngati kuti anachita kuitanidwa. Anati akudziwa malo amene ali ndi jenereta, koma ndi kutali, pa njinga yopalasa sangafike nthawi yabwino. Agostino anakana kupereka chikwama. Micheal sanakakamize, anangoti ndiye akhale pansi aganize bwino, n'kumulowetsa m'kanyumba ka kuseri kwa msika. Atamwa kabotolo koyamba, Agostino anali akukumbukirabe mawu a atate ake. Atamwa kachiwiri, anayamba kuona kuti kukayikira mnzako wa ku pulaimale n'kupanda ulemu. Chikwama chinachoka m'manja mwake iye akuthokoza.

Anadikira. Dzuwa linakwera. Mnyamata wina wosamudziwa anabwera kudzamuuza kuti kulembetsa kwasunthidwira mawa, asadandaule. Wina anati ayi, n'lero, koma kwasamukira kusukulu ya kumtunda. Agostino anapalasa kupita kusukuluko, n'kupeza ana akusesa pabwalo. Pobwerera anakumana ndi wina amene analumbira kuti mayi Petronella asiya okha mpikisano, ndipo minibasi yabwerera kumudzi. Anakhotera njira ya kumudzi, kenako anakumbukira kuti chikwama alibe, nakhoteranso kumsika. Kanyumba kaja anakapeza kotseka. Anaima pakati pa msewu, njinga m'manja, osadziwa ngati wachedwa, wafulumira, kapena ngati tsikulo linali lomwelo. Mantha anamugwira, mowa wonse n'kutha.

Anafika paholo yolembetsera dzuwa litapendeka. Mayi Petronella anali chiimire kutsogolo kwa tebulo, anthu awo kumbuyo, onse mu zovala za pa Sabata. A Antonio anali pakati pawo, nsapato zikunyezimira. Mkulu wolembetsa mayina, munthu waulemu ndithu, anali atawadikira mmene lamulo linkamulolera, ndipo anafunsanso komaliza ngati zitupa zafika. Maso onse anatembenukira kwa Agostino. Iye anatambasula manja opanda kanthu.

Wolembetsa anafunsa a Antonio, poti ndiwo anali pafupi, ngati ali ndi china chilichonse chosonyeza kuti ndi nzika. A Antonio anapapasa thumba la jekete, ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu. Pawindo, pakati pa anyamata a wogula thonje, wina anaponya mawu.

"Ameneyo ndi wa ku Mozambique. Abwerere kwawo akavote."

Anthu anaseka. A Antonio sanamuyang'ane n'komwe mwana wawo. Anangovula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati ali pamaliro.

Nthawi itakwana chitseko chinatsekedwa, ndipo kunalengezedwa kuti popeza walembetsa ndi munthu mmodzi yekha, wogula thonje wapambana popanda wopikisana naye. Agostino sanamvetsebe. Anafunsa mayi Petronella kuti nanga kuvota kudzakhala liti, kuti mwina akonze zinthu tsiku limenelo. Mayiwo anamuyang'ana ndi maso otopa, namuuza kuti kuvota kulibe, masankho athera m'manja mwake.

Micheal atapezeka patapita masiku, anakana kuti chikwama sanachionepo, ndipo anafunsa Agostino ngati ali ndi mboni ina kupatula botolo. Kachasu waulere anathera pomwepo. Ena onse anakatenga zitupa zatsopano mosavuta. A Antonio nambala ya reji yawo sankaidziwa pamtima, fotokope sinachitike, ndipo anauzidwa kuti abwere ndi anthu owadziwa chiyambi chawo. Nkhalamba ziwiri zija zinali kumanda.

Agostino anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, kuyambira mbale yoyamba ya nsawa. Analira, ndipo kulirako kunali koona. Anamuimitsa m'kwaya, nalima thonje la amayi amasiye dzinja lonse kubweza zimene anaba. Mpingo unamukhululukira. Koma kukhululuka sikumanga mlatho.

Mvula itagwa, a Antonio anayenera kupitanso ku boma kukachonderera za reji. Kamwala anali atadzaza mpaka m'chiuno, ngolo zili ndii tsidya lino. Agostino anagwada, nawabereka atate ake kumsana, nsapato zija atazikoleka m'khosi. Ali pakati pa madzi, anamva nkhalambayo ikuyankhula pafupi ndi khutu lake, mosakalipa.

"Ndinalowa m'dziko lino pamsana, wopanda dzina. Sindinkadziwa kuti mwana wanga adzandibwezeranso pamsana."

Agostino anapitiriza kuwoloka. Anangolimbitsa mapazi pamiyala kuti asawagwetse.

Inu achinyamata, imvani. Munthu akakuuzani izi lero, izo mawa, n'kukupatsani botolo kuti musafunse, dziwani kuti akufuna chimene mwanyamula. Mukasokonezeka, bwererani kwa amene anakutumani, osati kwa amene akukumwetsani. Musatape za anthu n'kumati n'zochepa, pakuti mbale imodzi ya nsawa ndiyo inasiya mudzi wopanda mlatho ndi nkhalamba yopanda dzina. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo a Antonio mpaka lero buku lawo la nyimbo amalitsegula pamene panali reji, n'kupeza kapepala ka pulasitiki kokha.