Jekete la Mphunzitsi Edson

M'malayini a antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anthu akafuna kuyamikira banja ankatchula la Filipo ndi Teleza. Mwamuna anali kapitawo wa odulira tiyi, mkazi wothyola, ndipo mwana wawo Anesi anakulira kumsana m'mizere ya tiyi momwemo.

Koma Filipo anali ndi chake chobisa. Ali mnyamata, mu 1915, ananyamula nawo mkondo pa kuukira boma kuja, chipolopolo n'kumusiyira chipsera paphewa. N'chifukwa chake sankavula malaya, dzuwa liswe mtengo.

Mu 1929 antchito analoledwa kusankha munthu wowalankhulira kuboma. Lamulo linali limodzi: amene anaukira nawo asaime. Anaima awiri, Filipo ndi Edson, mphunzitsi wa kumishoni.

Apa m'pomwe Esnat, mnzake wa Teleza pothyola, anabwera ndi pakamwa pake.

"Akapitawo, inu mukuthamangira mpando, kunyumba ena akukukhalirani pamphasa. Ndawaona kawiri amayi a Anesi m'mabulugama ndi aphunzitsi."

Nsanje ndi matenda oipa, imakuonetsa zomwe ukufuna kuona. Filipo anasanthula nyumba yonse mpaka anapeza jekete la Edson pansi pa dengu.

"Ichi n'chiyani, iwe?"

"Bambo a Anesi, khalani pansi ndikuuzeni. Tsiku lija munaledzera..."

"Kuledzera kwanga ndiye mpata wako? Hule!"

"Ndikukonzerani zanu zomwe, amuna anga."

Mawu otsala anathera pambama. Anamumenya mpaka dzino linagwa pansi. Kuyambira tsiku limenelo Teleza akati atsegule pakamwa, mwamuna ankadzutsa chibakera, iye n'kukhala chete.

Masankhidwe ake anali oima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Mzere wa Filipo unafika mpaka kusikelo yoyezera tiyi, wa Edson unali wa anthu owerengeka. Asanawerenge, mesenjala wa boma anabwera kutsogolo.

"A Filipo, vulani malaya."

Filipo anakana, asilikali awiri n'kumung'ambira. Chipsera chinaonekera poyera, dzina lake linafafanizidwa pomwepo, ndipo mzere wake wonse unasamukira kwa Edson iye akuona. Mumtima mwake munali mawu amodzi okha: phewa ili amalidziwa ndi mkazi wanga yekha.

Masana omwewo anakabisala panjira ya kusukulu atatenga mpeni wokhota wodulira tiyi. Edson atamuona anatambasula dzanja.

"Achimwene, pepani ndi zomwe zachitika. Ine sindinafune..."

Mpeni unamukola pakhosi. Filipo anatemanso, natemanso, mpaka masamba a tiyi anafiira. Teleza, yemwe anamulondola, anagwira mpeniwo ndi manja, zala ziwiri n'kuduka.

Kukhoti ku Blantyre, mesenjala uja anafunsidwa yemwe anaulula za chipseracho.

"Palibe, bwana. Ndinachiona ndekha pamowa ku Masambanjati. A Filipo ataledzera anavula malaya, akuvina n'kumadzitama kuti chipolopolo cha azungu chinawalephera. Aphunzitsi ndi amene anawafunditsa jekete lawo msangamsanga, n'kuwaberekera kwawo."

Teleza anaimirira, dzanja lili m'nsanza. Anati jeketelo analibisa kuti mwamuna wake asachite manyazi, ndipo kumabulugama ankapita kukapempha Edson kuti asunge pakamwa. "Anandilonjeza, ndipo sanaulule," anatero, osayang'ana kumene kunali Filipo.

Woweruza analamula kuti Filipo anyongedwe.

Ine nkhaniyi imandiwawa chifukwa choonadi chinali m'nyumba mwake, pakamwa pomwe anapagulula dzino. Akanangopirira mkazi wake amalize kulankhula, Anesi akanakula ndi bambo. M'ndende ya Zomba, m'chisanu cha Juni, Filipo anakana bulangete. Ankakhala pakona phewa lili pamtunda, n'kumauza alonda kuti, "Munthu womaliza kundifunditsa ndinamupha ndekha."