Atate Sakuyankha

Uyu ndi Alinafe. Kwawo ndi pafupi ndi Mkaika. Atate ake ndi a Obadiya. Iwo amagwira ntchito pachigayo.

Alinafe ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti atate azimuyankha.

Tsiku lomaliza kuwaona amayi ake, onse anali pakhonde. Amayi anali kudwala. Mlendo anafika nati, "Odi!" Amayi anawagwira atate paphewa. "Kwabwera alendo," anatero pafupi ndi khutu lawo. Atate anamwetulira. "Fikani, fikani!"

Madzulo amayi anapita kuchipatala. Sanabwerenso.

Maliro anatha. Anthu anabalalika. Atate anabwerera kuchigayo. Chigayo chinkalira tsiku lonse. Gu! Gu! Gu!

Alinafe ankaitana, "Atate!" Atate zii.

Alendo ankati, "Odi!" Atate zii.

A Solomoni, mkulu wa mpingo, anapereka moni panjira. Atate anangodutsa.

"Ndi chisoni," anatero azakhali a Martha, mlongo wa atate. "Wofedwa sitimukakamiza kulankhula. Asiyeni."

Onse anawasiya. Alendo analeka kubwera. Pakhomo panazizira.

"Kapena atate sakundifunanso," Alinafe anaganiza.

Tsiku lina atate ankasenda nsawa pakhonde. Mbuzi inagwetsa chidebe kumbuyo kwawo. Phofo! Nkhuku zinathawa. Galu anauwa. Koma atate sanatembenuke.

Alinafe anadabwa. Anaima kumbuyo kwawo.

"Atate!"

Zii.

Anapita kutsogolo kwawo.

"Atate!"

"Ee, mwana wanga?"

Anabwereranso kumbuyo. Zii. Anapitanso kutsogolo.

"Iwe, ukuvina chiyani?" atate anafunsa.

Alinafe anakumbukira dzanja la amayi. Amayi ndiwo anali makutu a atate. Palibe amene ankadziwa.

Anawagwira atate paphewa. Anayandikira khutu lawo.

"Atate, makutu anu sakumva bwino."

"Ine? Ndimamva bwinobwino. Anthu a masiku ano ndiwo amalankhulira kukhosi."

"Nanga mbuzi? Nayonso imagwetsera chidebe kukhosi?"

"Mbuzi iti?"

"Mwaonatu! Wailesinso mumaikweza kwambiri. A Solomoni amamvera nkhani ali kwawo."

Atate anaseka. Anali asanasekepo chichokereni amayi.

Azakhali a Martha, amene anali chapafupi, anagwira pakamwa. "Achimwene, mwanayu akunena zoona. Ine ndimati ndi maliro. Pepani."

"Kuchigayo ndikasiya ndani?" atate anafunsa.

"Chimanga sichithawa," anatero azakhali. "Pitani mukayezetse."

M'mawa atate anatulutsa njinga. Alinafe anakwera kumbuyo. Anapita kuchipatala ku Katete.

Anamwino anali a Lillian. Anaunika m'khutu ndi katochi. Kenako anawaveka atate zomvetsera m'makutu.

"Mukamva kulira, kwezani dzanja," anatero mokweza.

Tii! Atate anakweza dzanja.

Tii! Atate sanakweze dzanja.

Alinafe anachita mantha. "Kodi achira?"

"Khutu lamanja latsekeka ndi phula ndi fumbi la ufa," anatero a Lillian. "Ili titsuka lero. Lamanzere lawonongeka ndi phokoso la chigayo. Limeneli lifunika kachipangizo kothandiza kumva. Mudzabweranso."

A Lillian anatsuka khutu lamanja. Anawapatsa atate zotsekera m'makutu.

"Izi muzivala pachigayo. Mukanachedwa, khutu lamanjali likanawonongekanso. Munthu akamalephera kumva omuitana kumbuyo, ayezetse. Akamakweza wailesi, ayezetse. Wakuuzani ndani kuti mubwere?"

Atate analoza Alinafe. "Adokotala anga ndi awa."

A Lillian anamupatsa moni wa dzanja. Atate anaomba m'manja. "Zikomo kwambiri, amayi."

Pobwerera, atate anaimitsa njinga mwadzidzidzi.

"Chikulira n'chiyani? Kwii, kwii?"

"Ndi njinga yanu, atate."

"Yayamba liti?"

"Kalekale! Ana amakudziwani muli kutali."

"Ha! Osandiuza?"

"Tinkakuuzani!"

Onse awiri anaseka. Atate anayambanso kupalasa. Kwii, kwii. Anadutsa minda ya thonje. Mphepo inali yozizira.

Alinafe anatsamira pamsana pa atate. Analankhula motsitsa.

"Ndawasowa amayi."

Atate sanatembenuke. Anangopalasa pang'onopang'ono.

"Nanenso, mwana wanga," anatero. "Nanenso. Lankhula, ndikumva."

Alinafe analankhula njira yonse. Atate anayankha njira yonse.

Linali Lachiwiri, pa 9 Julayi 2024.