Phazi la Lusiya

Felismina ankasesa pakhomo dzuwa litapendeka pamene Silvestre wojambula anaima pampanda. Moni anapereka, koma maso sanali pa mwini khomo. Anali pansi, pa timapazi ta Lusiya, mwana wa Felismina, todinda pafumbi.

"Mukufufutiranji zokongolazi, mlamu?"

Felismina anasesa mwamphamvu mpaka fumbi kuti koboo. Anakumbukira kadzenje kamene anakapeza chaka chatha m'phazi la mwamuna wake Zakariya lodinda pafumbi, ngati wina wapala ndi chigoba cha nkhono.

Inali nthawi ya nkhondo. Asilikali a Chipwitikizi anali ataunjika anthu a ku Mualadzi m'mudzi wozingidwa ndi waya, ndipo Silvestre, wophunzira kumishoni, ankawasangalatsa pojambula pakhoma la loja, sitolo ya m'mudzimo. Anayamba ndi phiri ndi mbawala zake. Atatopa nazo anapakapo njereza, mbawala n'kusowa m'phirimo. Kenaka anajambula Yoramu wokonza njinga. Tsiku limene anamufuta ndi njereza, Yoramu anagwa chiimire. Zakariya ndiye anafutidwa pang'onopang'ono kuyambira kumiyendo, ndipo umo ndi momwe anafera, kuzizira kuchokera pansi. Mvula ikawaza, khomalo linkanunkha ngati manda okumba kumene. Anthu ankangodutsa atagwira mphuno.

M'mawa mwake Felismina ali pamtondo, Yudita woyandikana naye anamunong'oneza.

"Amake Lusiya, kuloja mwaonako?"

"Kuli chiyani?"

"Kamwana ka njombi ziwiri. Walemba ndi makala, utoto sanapake. Musanene kuti ndine!"

Felismina anadziwa chimene utotowo unkadikira: dothi la phazi la Lusiya. Lusiya anam'bereka kumsana tsiku lonse, msungwana wamkulu kale, miyendo ili lendelende. Koma mwana sungam'bereke mpaka kalekale. Ndipo mkwiyo wake pa imfa ya Zakariya unali usanazime.

Mawa lake masana Felismina analondola Silvestre kuchitsime. Pamene munthuyo anaponda pamatope, iye anagwada ngati akumanga nkhata, natapa dothi lonse la phazilo n'kulikulunga m'nsalu. Analiyanika, nalisinja, naliwaza pakhomo pake. Ndiye anachita zimene ana amachita posewera: anafumbata dzanja, nadinda m'mbali mwa nkhonya pafumbipo, nadontheza tizala tisanu ndi chala. Kaphazi ka mwana, kosatsutsika. Madzulo amenewo sanasese.

M'bandakucha anamva panja: khwee, khwee, khwee. Chigoba chikupala. Anagwira Lusiya pakamwa mpaka phokosolo litatha.

Silvestre anapaka utoto wake akuimba mluzu. Koma pouma, chithunzicho chinayamba kukana. Njombi zinali za Lusiya, inde, koma diso lamanzere linatsinzina, ndipo patsaya panatuluka chipsera cha moto. Mudzi wonse unkadziwa mwini diso limenelo: Silvestre yemweyo. Mluzu unatha. Silvestre anathamangira mphasa n'kutchinga khoma kuopa kuti mvula ingachifute, nakhala pomwepo osadya, akuthamangitsa ngakhale nkhuku.

Felismina anafika dzuwa lili paliwombo, chidebe cha njereza pamutu, anthu akum'tsatira chapatali. Anakankha mphasa.

"Mlamu, tikambirane," anatero Silvestre.

"Ndi Zakariya munakambirana?"

"Ndikuphunzitsani mankhwala ake. Chilichonse!"

"Kupaka ndimadziwa kale, bambo. Nyumba yanga amazira ndani?"

Ananyika chisanza, napaka miyendo ya chithunzicho. Silvestre anakhala pansi kuti khu, ngati thumba la chimanga. Anayesa kukwawa, miyendo ikum'tsalira m'mbuyo. Msilikali wa pachipata anaseka, akuyesa ndi kachasu.

Felismina anatula chisanza, nasenza chidebe chake.

"Malizani!" anakuwa Silvestre. "Chonde, malizani lero!"

"Ndili ndi ntchito kumunda," anayankha. "Mawa manja."

Ankabwera tsiku lililonse akaweruka, osafulumira, monga mmene munthu amazirira nyumba yake. Ndipo kuchokera kukhumbi la Silvestre kunkamveka kubuula kocheperachepera, mpaka tsiku limene anapaka pakamwa.

Maso okha anawasiya. Anthu anam'pempha kuti amalize, ati akuopsa ana, koma iye anakana. Madzulo aliwonse Lusiya ankadutsa pamenepo pochokera kuchitsime, wopanda nsapato, akudinda mapazi ake pafumbi pansi pa khomalo. Maso aja ankangowayang'ana.