Lipenga la a Bonifasi

Limbani ananyamuka pa Dzaleka mdima utagwa kale, lipenga lili m'thumba la feteleza. Wogula zitsulo anamupeza atatseka, ndipo anyamata a kabaza anali ataweruka. Munthu wanzeru akanagona pompo, koma Limbani, katswiri woika nyimbo m'maukwati, ndani angamuuze?

Lipengalo linali la agogo ake aamuna, amene iye sanawaonepo. M'mawa mayi ake, a Debora, anamupempha misozi ili m'maso kuti asaligulitse, poti ndi chokhacho chimene bambo awo anasiya. Iye anangoseka. Nyimbo za bandi yakale, malipenga kulirira pamodzi ngati ng'ombe za kudibi, nkhalamba zikukhwekhwereza nsapato, angavine ndani lero? Chitsulo ndi chitsulo, mawa abwereranso kukaligulitsa basi.

Atafika pa bwinja la holo ya dansi, pa esiteti yakale ya fodya moyandikana ndi manda, anayamba kuimba likhweru. Usiku, pamanda! Ngakhale mwana amadziwa kuti satero. Ankaimba kanyimbo kamene mayi ake amang'ung'udza pochapa, n'kumakapotoza dala.

M'bwinjamo lipenga linayankha...

Anaima. Zii.

Pakhomo panali bambo wamtali, suti yoyera, nsapato zamawanga akuda ndi oyera. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati mbuzi yodwala pamsika.

"Ndiwe ukuwononga nyimbo yangawe? Tulutsa lipengalo. Mpando wachitatu ulibe munthu."

Limbani analitulutsa m'thumba muja. M'katimo nyali zinayaka. Ng'oma zinagunda. Azibambo a masuti oyera anaimirira pamodzi, malipenga m'mwamba. Ovina ankazungulira awiriawiri... koma fumbi silinkadzuka!

Limbani anauzira. Linalira ngati bakha.

"Bwereza!"

Anauziranso. Mlomo unang'ambika.

"Bwereza! Kudina mabatani kuja mumati n'kuimba?" anakalipa bambo wamtali uja.

Palibe anamuseka. Ankangomuyang'ana. Bola akanaseka.

Tambala atalira, anadzipeza atakhala pachulu pakati pa bwinjalo, udzu ukumufika m'mapewa, lipenga lili m'manja.

Kunyumba a Debora ataona chipsera chozungulira pamlomo wake wam'mwamba, anaponya tsache n'kukhala pansi. Chipsera chotero anali nacho bambo awo, a Bonifasi, amene ankatsogolera bandi pa holo ija. Atamva za suti yoyera ndi nsapato zamawanga, anati ndi zomwezo zimene anawaveka powaika m'manda, iwo akali mtsikana wa sitandade faivi.

"Ananenanso china?" anafunsa a Debora.

Katswiri uja anali atakumbatira lipenga pachifuwa. Anayankha monong'ona.

"Akuti Loweruka ndisachedwe."