Miyendo ya Joao

Joao anali atakwanitsa zaka ziwiri koma sankayenda. Akagwira mpando n'kuimirira, timiyendo take tinkapindika ngati uta, kenako ankakhala pansi n'kuyamba kulira. Mchemwali wake Vania, wa Fomu 2, ankangoyang'ana kumbali.

"Matewe amenewa ndi akwanu," bambo awo, a Lourenco, anauza akazi awo, a Bernardina, atabwera ndi thiraki kuchokera ku Tete. "Kwathu kulibe zoterezi."

A Bernardina anangopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Joao ali wakhanda anadwala chifuwa, ndiye ankamubisa m'nyumba poopa fumbi la mathiraki. Chifuwacho chinatha kalekale, ndipo amayi akamapita kukagulitsa manachesi masana ankati, "Vania, uzimutulutsako mwanayu." Vania ankavomera bwinobwino, koma pakamwa pokha. Chiyambire tsiku lomwe mnzake Thandie anaseka miyendo ija, iye ankatseka chitseko n'kukoka makatani.

Kuchipatala cha paboma, namwino wina dzina lake Lucia anapima Joao modekha.

"Mayi, izi si zakumtundu," anatero. "M'maselo a mwanayu muli malangizo achibadwa abwinobwino, ouza matumbo kuti azitenga kashiamu m'zakudya wolimbitsa mafupa. Koma malangizowo amakhala ngati buku lotseka. Chowatsegula ndi vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Kodi amaothera dzuwa?"

"Tsiku lililonse," amayi anayankha mosakayika. "Mkulu wakeyu amamutulutsa."

Vania akanatha kukhala chete, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anaona namwino akukwinya nkhope, akuyamba kufunafuna matenda ena oti kulibe.

"Sindimutulutsa," anatero motsitsa mawu. "Ndimachita manyazi. Anzanga amaseka."

Amayi anamuyang'anitsitsa. Kwa Vania, bola akanangomumenya.

"Adzayenda?" Vania anafunsa namwino.

"Mafupa akadali anthete, akhoza kuwongoka," anatero namwino. "Amwe mankhwala awa, azidya mazira ndi usipa wosinja ndi minga yomwe, komanso aziona dzuwa. Koma miyezi yatayikayi sindingakubwezere."

Tsiku lotsatira ataweruka kusukulu, Vania anayala mphasa pabwalo, poonekera aliyense wodutsa, n'kutulutsa Joao. Posakhalitsa Thandie anatulukira ndi anzake awiri.

"Eee, lero mwatulutsa matewe?"

"Dzina lake ndi Joao," anayankha Vania osasuntha.

Thandie anangopitiriza ulendo. Vania anavula mng'ono wakeyo malaya n'kumukhazika padzuwa. Mwanayo anatsinzina, anaphimba nkhope ndi timanja take, n'kukwawira pachifuwa cha mchemwali wake akulira ndi mantha.

Apo m'pamene Vania naye analira. Mwana wobadwira ku Mwanza, kotentha chonchi, dzuwa sankalidziwa.