Fupa la Simsim

"Ine galu sandiuwa. Amangondiyang'ana m'maso n'kudziwa kuti bwana wafika."

Ameneyo anali Haitham, pa siteji ya basi ku Madaba, akuuza mnzake Rakan mokweza kuti mtsikana amene anali pambali amve. Rakan anangoyang'ana pansi. Ankadziwa kuti Haitham anawetapo nkhunda zokha, nazonso zinamuthawa.

Mtsikanayo, Sawsan, ananyamula katoni. Munali kagalu kamene anakatola kuseri kwa butchala, nthiti zili pamtunda.

"Ndiye mwandithandiza, akatswiri," anatero Sawsan. "Simsim wangayu akakhala ndi chakudya safuna munthu pafupi."

"Zazing'ono izo! Ndipatseni nambala yanu."

Nambala inaperekedwa chifukwa cha galu, koma mauthenga amene ankabwera sankamutchula n'komwe.

"Mwezi wanga, wadya?"

"Ndadya. Simsim naye wadya, pang'onong'ono adyere limodzi chala changa."

"Diso langa, ndikulonjeza: chako chilichonse ndidzachikonda ngati changa."

Lonjezo lokoma! Anyamata amalemba zotere chala chisanafunse mutu.

Poona kuti katswiri wake watanganidwa ndi mwezi, Sawsan anapita kwa dokotala wa ziweto.

"Galu wokulira panjala amaona dzanja lililonse ngati la wakuba," anatero dokotalayo. "Usamulande. Ukamadutsa akudya, muponyere kanyama n'kupitirira. Ukafuna fupa, sinthana naye ndi chokoma, kenako umubwezere."

Pang'onopang'ono Simsim anasiya kuonetsa mano, mchira n'kuyamba kugwedezeka.

Lachisanu lina Haitham ndi mayi ake anaitanidwa kudzadya. Simsim anali pakona pabwalo ndi fupa la nkhosa. Haitham anaona kuti bambo a Sawsan, a Mithqal, akuyang'ana. Anakwinya malaya.

"Haitham, usatero!" anakuwa Sawsan.

"Taonani, bambo, mmene timachitira."

Anamugwira Simsim pakhosi, kumulanda fupa, kuliponya kunja kwa mpanda. Simsim naye sanachedwe. Kwa! Chala chachikulu.

Magazi anatuluka ongokwana kudindira chikalata, koma bandeji inafika m'chigongono. Madzulo uthenga unabwera, wolembedwa ndi dzanja lamanzere.

"Sankha: ine kapena galu."

Sawsan anauwerenga misozi ili chuchuchu. Kodi si yemweyu analonjeza? Simsim anali pansi pa mpando akunjenjemera, akuuwanso ngakhale mwini wake.

"Simsim sanandiuzepo kuti ndisankhe," anayankha Sawsan. "Wamutsimikizira kuti dzanja ndi la wakubadi. Khala bwino."

Foni inakhala zii. Haitham ankaitembenuza ngati mkate pamoto, kuuza aliyense kuti iye alibe nazo ntchito. Chakudya sichinkatsika.

"Iwe ndi kagalu kaja muli chimodzimodzi," anatero mayi ake. "Nonse mumauwa poopa kulandidwa. Kungoti mnzakoyo ali ndi chifukwa."

Mawa lake anthu a mumsewu wa a Mithqal anaona zodabwitsa. Katswiri uja anaima pageti, kuponya kanyama ka nkhuku, n'kutembenuka. Mawa lake chimodzimodzi. Ana ankamulonjera kuti "woperekera zakudya wa Simsim". Iye ankangopirira. Sawsan ankaonerera paseri pa katani.

Patapita milungu, foni inalira.

"Wasiya kukukwiyira."

"Ndani, moyo wanga? Galu kapena iwe?"

"Galu. Ine ndikadaganiza."

Tsiku lokafunsira mbeta, amuna akuchimuna anadzaza bwalo, masuti ali pya. Khofi anathiridwa. Amalume ake a Haitham anaika kapu pansi osalawa.

"Sitimwa mpaka mutipatse chomwe tadzera."

A Mithqal anasisita ndevu. "Mwana wavomera. Koma mnyamata wanuyu ali ndi ngongole pakhomo pano. Analanda fupa la mwini."

Amalume anasokonezeka. Mawu onse aulemu amene analoweza analibe yankho la fupa.

Haitham anaimirira, kupisa m'thumba la suti, n'kutulutsa fupa lokulunga m'pepala. Anagwada, kuliika patsogolo pa Simsim, n'kubwerera m'mbuyo. Simsim atayamba kukukuta, anayandikiranso ndi kanyama m'dzanja. Bwalo lonse linagwira mpweya. Kodi chala china chipita?

Simsim anasiya fupa, kudya kanyama, mchira uli pukupuku. Haitham anatola fupalo, n'kumubwezera ndi manja awiri.

"Imwani khofi wanu," anatero a Mithqal.

Nthungululu zinaphulika m'nyumba. Haitham anapukuta fumbi m'mawondo n'kumugunda Rakan ndi chigongono.

"Ndinakuuza, aise. Galu amadziwa bwana."

"Amadziwadi, wokondedwa," Sawsan anayankha pawindo, akupukuta misozi. "Bwana ndi amene ali ndi fupayo."