Nkhope ya Apongozi

Thelma anatsika basi pa Uliwa miyendo itatupa, m'makutu mukulirabe injini. Kuchokera ku Ntcheu si pafupi. Asanapume n'komwe, anyamata a yufi ovala malaya ofiira anamutchingira njira.

"Khadi la chipani, amayi!"

Khadilo analiika m'buku, koma buku lake liti? Pomasula katoni, pansi pake panabooka, mabuku onse n'kuti mbwee m'fumbi. Anthu anaseka. Misozi inali pafupi.

"Asiyeni alendo apume kaye, inu."

Anali mnyamata wamtali, wa mpata kumano. Anatsamiritsa njinga yake pamtengo wa mango n'kuyamba kutola mabukuwo, akukuntha lililonse pabondo. Khadi linagwa kuchokera m'buku la masamu, a yufi aja n'kuchoka.

"Mabuku onsewa, achemwali, ndinu aphunzitsi?"

"Ayi. Ndine kalaliki watsopano wa kusikimu ya mpunga ku Hara. Ndikuphunzira sukulu yamakalata, ndikufuna kulemba Fomu 4."

"Ndiye Mulungu ndi wamkulu! Ine ndine Ambokile, ndimatsegula madzi m'ngalande za sikimu yomweyo. Nanenso masamu andigwira pakhosi. Kwezani katundu panjingapa."

Thelma anakweza katundu. Sanadziwe kuti wakwezanso mtima.

Moyo wa ku Hara unali wothamanga. M'mawa Thelma ankaima pasikelo kuyeza matumba a alimi, mungu wa mpunga ukumuyabwa m'khosi. Akaweruka ankathamangira kusukulu ya pulayimale, komwe mphunzitsi wina ankathandiza akuluakulu ophunzira pamakalata. Ankakhala pamabenchi a ana, mawondo kufika pachibwano, udzudzu ukuwadyerera m'miyendo. Nthawi zina Thelma ankasinza cholembera chili m'manja, ndipo Ambokile ankamugunda ndi chigongono.

"Dzuka, Kilombero wanga. Ukagona iwe, ine ndionera kwa ndani?"

"Kilombero ndiye kuti chiyani? Ndasanduka mpunga?"

"Mpunga wonunkhira, wosabisika. Ukadutsa pangalande ngakhale madzi amaima kaye kuti akuone."

"Bodza limenelo!"

"Ndikanama ine, ng'ombe za bambo anga zife zonse. Iwe ndiwe woyamba, iwe ndiwe womaliza."

Mtsikana amene ali kutali ndi kwawo, wosamva Chitumbuka, wosamva Chinkhonde, akamva mawu otere angatani? Thelma anawameza onse osatafuna.

Chovuta chinali chimodzi. Mwezi ukatha, Ambokile ankakwera basi kupita kwawo ku Iponga, kufupi ndi malire a Tanzania. Ankati bambo ake ndi okalamba, mayi ake anamwalira, ndipo pakhomo pali mlongo wake Keziya yekha, yemwe mwamuna anamuthawa n'kumusiya ndi khanda.

"Mlongo wanga uja ndi womvetsa chisoni. Ndikapanda kupita ine, alibe wina."

Thelma anamukonda kwambiri chifukwa cha zimenezi. Mwamuna wosamala mlongo wake, angalephere kusamala mkazi? Ankamupatsira sopo ndi shuga. Analuka kachipewa ka ulusi wachikasu, kokhala ndi mzere wobiriwira m'mphepete, koti khandalo lizivala. Ambokile akakhala kumudzi, Thelma ankamukopera zonse zimene aphunzira, dzanja mpaka kuchita dzanzi.

Tchuthi chake chitakwana sanapite ku Ntcheu. Mayi ake anatumiza mawu kudzera kwa dalaivala wa lole: "Kodi mwana wanga anadyedwa ndi ng'ona kumpotoko?" Thelma analira, koma sanapite. Ambokile anali atanena kuti asunge masikuwo, mayeso akatha apitire limodzi, akaonekere kwa amalume ake.

Towera, mnzake wa mu ofesi, wa komweko ku Hara, sankasangalala nazo.

"Iwe Thelma, munthu amene amapita kwawo mwezi uliwonse koma osakutengako ngakhale kamodzi? Chikomekome cha mkuyu, mnzanga."

"Ukuchita nsanje."

"Yewo, ndatseka pakamwa. Koma ndanena."

Mawuwo anamuluma ndithu. Lamulungu lina, atakhala pamlatho wa ngalande mabuku ali pamiyendo, anafunsa.

"Kodi kwanu udzanditengako liti?"

Ambokile anaseka. "Kwathu si kopita mwachisawawa, wapamtima. Kodi mwambo wathu ukuudziwa? Kwathu mkamwana, mkazi wa mwana, saona nkhope ya apongozi ake aamuna. Mpaka kufa! Akamva akutsokomola panjira, amafunda chitenje kumutu n'kuthawira mu nthochi. Ngakhale dzina lawo satchula."

"Moyo wonse osawaona? Nanga akadwala, phala amawapatsa ndani?"

"Ana awo. Mwana wamkazi sathawa bambo ake. Keziya amakhala nawo pamphasa, amaseka nawo. Wothawa ndi mkazi wa mwana basi. Ndiye iwe ndi maso ako osakhazikikawo udzatha?"

Thelma anatenga mpango n'kudziphimba kumaso, akuyenda chogwada m'mbali mwa ngalande.

"Chonchi?"

"Ehee! Mkamwana weniweni! Ndikulonjeza, mayeso akangotha, ng'ombe zikupita ku Ntcheu, ngakhale kwanu simulandira ng'ombe."

Tsiku lotsatira Thelma anagula chitenje chatsopano cha maluwa a buluu n'kuchiika pansi pa sutukesi. Chimenecho n'chimene adzafunde tsiku lokaonekera ku Iponga.

Mayeso atatsala pang'ono, uthenga unabwera wakuti bambo a Ambokile adwala kwambiri. Ambokile ananyamuka mothamanga. Sabata inatha, yachiwiri inayamba, munthu osabwera. Thelma ankayang'ana buku, koma zilembo zinkasanduka nkhope ya Ambokile. Kodi bambo aja amwalira? Kodi iyenso wadwala? Nanga mayeso alemba bwanji osawerenga?

Loweruka aphunzitsi anaitana onse kuti abwereze masamu komaliza, poti Lolemba linali tsiku lolemba. Thelma sanapiteko. Anatenga makope amene anamukopera Ambokile, shuga, ndi chitenje chija, n'kukwera basi ya m'mamawa.

"Wapenga," anatero Towera.

"Mwina. Koma akalephera mayeso chifukwa chosowa womupititsira makope, ndidzadziona bwanji?"

Ku Iponga kunali nthochi zokhazokha, ndi fungo la ndowe za ng'ombe. Mayi wina wogulitsa chinangwa anamulozera khomo. Pabwalo panali poseseledwa bwino. Mtsikana wochepa thupi, wa msinkhu ngati wake, anali kusenda nthochi zophika, khanda lili kumbuyo. Kumutu kwa khandalo kunali kachipewa kachikasu ka mzere wobiriwira.

Mtima wa Thelma unasefukira.

"Odi! Inu ndinu a Keziya, eti?"

"Mwaghona, amayi. Ndine." Moniwo unali wa Chinkhonde, ndipo Chichewa chake chinali chodukaduka. Anayala mphasa, nagwada popereka moni.

Thelma anachita manyazi kudzitchula bwenzi asanaonetsedwe mwamwambo. "Ndimagwira ntchito ndi a Ambokile. Ndawabweretsera makope a sukulu. Odwala ali bwanji?"

"Apezako bwino. Lero ayenda pang'ono kukaona ng'ombe. A Ambokile apita kuchipatala kukatenga mankhwala, abwera posachedwa."

"Amakukambanitu tsiku lililonse. Keziya, Keziya."

Mtsikanayo anagwetsa nkhope, akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso. "Amandikamba? Zoona?"

"Kwambiri. Ndipo kachipewako kamukhala bwino mwanayu."

"Ndagha, zikomo. A Ambokile anakagula kusitolo ku Chilumba. Akuti n'kodula."

Kusitolo? Thelma anayang'ana zala zake, zimene zinabayidwa ndi singano poluka. Mwina Ambokile anachita manyazi kutchula za chibwenzi. Anadziuza choncho.

Kenako kuseri kwa khola kunamveka kutsokomola. Sikunali kutsokomola kwa matenda ayi, kunali kochenjeza, kawiri, ndodo ikugunda pansi.

Apongozi! Thelma anapisa msanga m'chikwama. Tsiku limene ankaliyembekeza lija lafika mosakonzekera. Anasolola chitenje cha buluu n'kuyamba kuchikweza kumutu.

Koma wina anali atamutsogolera kale. Keziya anataya mpeni ndi nthochi, anakoka chitenje chake chakutha n'kufunda mpaka kumaso, ndipo chogwada, khanda likulendewera kumbuyo, anathamangira mu nthochi kuseri kwa khitchini.

Manja a Thelma anaima m'malere.

"Mwana wamkazi sathawa bambo ake. Wothawa ndi mkazi wa mwana basi."

Sanauzidwe ndi Towera. Sanauzidwe ndi mdani. Anamuphunzitsa yekha Ambokile, ndi pakamwa pake pomwe, akuseka pamlatho paja! Chitenje chinatsetsereka n'kugwera pamiyendo.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira. Ambokile analowa pabwalo akuimba mluzu, ndipo ataona amene wakhala pamphasa, mluzuwo unafera pamilomo. Botolo la mankhwala linatsala pang'ono kugwa.

"Thelma! Ukutani kuno?"

"Ndakubweretsera makope. Mlongo wako wathawiranji bambo ake?"

"Tiye tikalankhulire kumsewu."

"Ndikufunsa, Ambokile. Mlongo wako wafundiranji kumaso?"

Ambokile anayang'ana kukhola, anayang'ana ku nthochi, thukuta lili kamukamu. Anatsitsa mawu.

"Mvetsera, Kilombero wanga..."

"Usanditchule dzina limenelo!"

"Ng'ombe zinapita kwawo kwa Keziya ndili mnyamata. Anasankha ndi bambo, ine sanandifunse. Uyu ndi wa pakhomo chabe, wosamala nkhalamba. Iwe ndiwe wa mtima wanga. Ndimafuna ndikuuze mayeso akatha, kuti ndisakusokoneze. Kuno mitala si yachilendo. Iwe uzikhala ku Hara, iye kuno, simudzaonana n'komwe."

"Ndipo mwanayo?"

Ambokile anatembenukira ku nthochi, kumene kunali khandalo.

"Ndinamulukira chipewa mwana wako, iwe! Sopo wanga amachapira matewera a mwana wako! Mayi anga akulira ku Ntcheu, chaka chathunthu osandiona, chifukwa ndimasunga tchuthi choti ndipite ndi mwamuna wa mwini. Unalumbira pa ng'ombe za bambo ako. 'Iwe ndiwe woyamba.' Woyamba uti?"

Mu nthochi munamveka kulira kotsekereza ndi dzanja. Keziya Chichewa ankachimva pang'ono, koma pang'onopo panakwanira. Thelma anakumbukira kumwetulira kuja, "Amandikamba? Zoona?" ndipo chifundo chinamupweteka kuposa mkwiyo.

Mkulu wotsokomola uja, bambo a Ambokile, anali ataima kuseri kwa khola, atatembenukira kumbali. Anali ataona chitenje chachilendo chikukwera kumutu kwa mkazi wosamudziwa, ndipo monga munthu wolemekeza mwambo, sanafune kudutsa. Anafuula m'Chichewa chimene anaphunzira ku migodi.

"Ambokile! Mlendoyo ndani? Ndi woti ndimuone, kapena ndi woti ndizungulire?"

Ambokile anagwada pafupi ndi mphasa, maso ali ofiira.

"Funda, Thelma. Chonde, funda. Ukafunda, bambo amvetsa okha, nkhani yonse yatha. Ndidzakusamala, ndikulumbira. Ndimakukonda!"

Choipa chake n'chakuti mwina ankanena zoona. Choipa kwambiri n'chakuti Thelma ankamukondabe. Chitenje chinali m'manja mwake, chofewa, chonunkhira sitolo. Kungochikweza basi, Ambokile akhala wake, ngakhale theka.

Anachipinda bwinobwino. Anaimirira, nakachiika pamtondo pafupi ndi nthochi zimene Keziya anabisalamo.

"A Keziya, ichi n'chanu. Chanucho chatha. Mundikhululukire, sindimadziwa."

Kenako anayenda kulunjika kukhola, mutu uli pamtunda, wosafunda kanthu. Ambokile anatambasula dzanja, koma sanamukhudze. Thelma anazungulira n'kuima patsogolo pa mkuluyo. Anagwada monga amachitira kwawo, nakweza maso, n'kumuyang'ana kumaso kwenikweni.

Mayo! Inali nkhope ya Ambokile yomwe, itakalamba. Mphumi womwewo, maso omwewo, mpata womwewo kumano.

"Muli bwanji, bambo? Ndine Thelma, kalaliki wa ku Hara. Ndinamva kuti mukudwala. Ndine mlendo chabe, mukhoza kundiona."

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa. Anaona misozi, anaona mwana wake atagwada pafumbi, anaona chitenje chatsopano pamtondo. Anavula chipewa chake pang'onopang'ono.

"Ndagha, mwana wanga," anatero motsitsa. "Wandiona. Pita bwino."

Makope aja anawasiya pamphasa. Ambokile anamutsatira mpaka kumsewu akukankha njinga, akutchula maina onse okoma amene anamupatsa, koma Thelma sanacheuke. Basi itanyamuka anatulutsa buku la masamu lija, lomwe Ambokile analikuntha fumbi pa Uliwa. Mayeso anali mkuja. Analitsegula, koma sanaone nambala ngakhale imodzi.

Lolemba analowa m'chipinda cha mayeso maso atatupa. Mpando wa pambali pake unali wopanda munthu. Ali mkati molemba mutu unalemera, tulo ta masiku onse aja tinamugwira, ndipo anasinza cholembera chili m'manja.

Panalibe womugunda ndi chigongono. Anadzidzimuka yekha, napukuta m'maso, n'kupitiriza kulemba.